Ngalande za Suharto m'madambo a Kalimantan

Chakumapeto kwa 1995, Pulezidenti Suharto wa dziko la Indonesia adalamula kuti madambo a m'chigawo cha Central Kalimantan, pa chilumba cha Borneo, asanduke minda ya mpunga. Malo ake anali mahekitala pafupifupi 1 miliyoni. Pa chilumba cha Java minda inkatha kaamba ka mafakitale ndi nyumba, ndipo dziko lomwe mu 1984 lidadzitama kuti mpunga likudzilimira wokwanira linali litayambanso kugula kunja.

Vuto linali dothi. Pansi pa nkhalango imeneyo pali peat, eni ake amati gambut: masamba, mizu ndi mitengo imene yakhala ikugwera m'madzi kwa zaka zikwizikwi koma osaola kwenikweni, poti m'madzi oima mpweya ndi wochepa. Malo ena kuya kwake kumaposa mamita 10. Dothili ndi la asidi, chonde n'choperewera, mpunga sukondwamo. Odziwa za nthaka adaziona izi, koma ndani akadaima pamaso pa Suharto masiku amenewo?

Makina adakumba ngalande zotalika makilomita oposa 4,000. Amati zibweretse madzi othirira, koma dambo la peat limakhala lotukuka pakati, choncho ngalandezo zidangokhetsera madzi ku mitsinje ya Kahayan, Kapuas ndi Barito. Odula mitengo adapezerapo njira yoyandamitsira matabwa awo. Mabanja amene boma lidawasamutsira kumeneko adakolola zochepa zedi, pomwe Adayak, eni nthaka, adataya maiwe awo a nsomba ndi minda ya rattan, chomera choyanga chimene amalukira mipando ndi madengu.

Mu 1997 kudagwa chilala cha El Niño, dambo louma lija n'kuyaka. Moto wa peat umanyeka pansi ngati wa mulu wa gaga: pamwamba uona ngati wazima, koma ukudya m'kati kwa miyezi. Utsi udakuta Singapore ndi Malaysia. Suharto adatula pansi udindo mu Meyi 1998, ntchito ya mpunga idafera panjira, koma ngalande palibe adazikwirira.

Boma lidadzidzimuka kwenikweni mu 2015, mahekitala 2.6 miliyoni atapsa m'dziko lonselo. Banki Yaikulu Padziko Lonse idati chuma cha madola 16 biliyoni chidalowa m'madzi, ndipo mumzinda wa Palangka Raya sukulu zidatsekedwa kaamba ka utsi. Mu Januwale 2016 Pulezidenti Joko Widodo adakhazikitsa bungwe la Badan Restorasi Gambut kuti libwezeretse madzi m'mahekitala pafupifupi 2 miliyoni m'zigawo zisanu ndi ziwiri. Ntchito yake sinali yapatali: kutseka ngalande ndi matabwa komanso matumba a dothi, kudzala mitengo ya m'dambo monga jelutung, ndi kuonetsetsa kuti madzi asatsike kupitirira masentimita 40 pansi pa nthaka.

Apa mpamene mkangano udakulira. Ngalande zija zidasanduka misewu ya mabwato opita kuminda, motero anthu ena a m'deralo amagumula zotsekazo kuti adutse. Sindiwada, amene adakumba si iwo, ndipo njira ina yopitira kumunda palibe adawapatsa.

Mu 2020, mliri wa Covid-19 utadzetsa mantha a njala, boma lomwelo la Widodo lidatsegulanso minda ikuluikulu ya mpunga m'maboma a Kapuas ndi Pulang Pisau, mbali ya malo omwe aja a Suharto.