"Sindibulitcha ine, ndimangochotsa timawanga"

Mlungu sutha ndisanawamve mawu amenewa. Mayi wakhala pampando, masaya ali psuu ngati wapsa ndi nthunzi ya mpoto, timitsempha tikuonekera, mfundo za zala zili bii pamene dzanja lonse ndi loyera. Ndikafunsa kuti amayi mumadzola chiyani, yankho silichedwa: "Vaselini basi, adokotala." Ndikangokhala duu osalemba kanthu, amawonjezera okha: "Ndi kaloshoni kena kochotsa timawanga. Koma sindibulitcha ine."

Ndaona matenda a pakhungu mu Blantyre muno kwa zaka zambiri, ndipo masiku ano funsolo ndimangofunsa mwaulemu chabe, chifukwa khungu limakhala laulula kale. Kudzola kokha sikundikwiyitsa ayi. Ndimatopa ndi maganizo akuti chinthu chikakhala m'kachubu kokongola, chogulidwa pa benchi limodzi ndi mawigi ndi ndolo, ndiye kuti ndi mafuta odzola wamba. Tengani kachubu kanu, mutembenuze, muwerenge timalemba ting'onoting'ono tija. Mukapeza mawu akuti clobetasol kapena betamethasone, amenewo ndi mankhwala a gulu la steroid, ndipo ndi ena mwa amphamvu kwambiri omwe tili nawo. Movate ndi clobetasol. Diproson ndi betamethasone. Ifenso kuchipatala timawalemba, kwa munthu wa matenda ovuta a pakhungu otchedwa eczema kapena psoriasis, koma timati apake pabala penipenipo, mopyapyala, kwa milungu iwiri, ikachulukitsa inayi, ndipo clobetasol sitimulola kumaso. Inu mukudzola thupi lonse, m'mawa ndi madzulo, chaka chachitatu tsopano.

Amayeretsadi, zimenezo sinditsutsa. Amafinya timitsempha ta magazi ta pakhungu, choncho m'masiku ochepa munthu amaoneka wowala, kuyabwa kwatha, tiziphuphu taphwa, anzake a ku banki m'khonde ayamba kufunsa chinsinsi. Amafooketsanso timaselo topanga mtundu wa khungu. Koma nthawi yomweyo akupyapyaza khungu lenilenilo ndi kugonetsa chitetezo chake. Pakapita miyezi khungu limakhala ngati pepala: kungokhula pa chitseko cha minibasi, bala. Mizere yofiirira, yotakata ngati chala, imang'ambika m'khwapa, m'ntchafu ndi pamabere, ndipo imeneyo sibwerera. Ziphuphu zimabwera zambiri kuposa zomwe munkathawa, zofanana msinkhu ngati zofesedwa. Tsitsi limamera m'masaya. Zipere ndi mphere zimapeza podyera, zimafalikira mosaoneka ngati zipere, mpaka ife tomwe kutisokoneza.

Tsono msampha uli apa, ndipo ndi pamene ndimafuna mayi aliyense amvetse. Mukasiya kudzola, nkhope imatentha, imafiira, imasupuka, kenako imada kuposa kale. Munthu amati, "Mwaona, matenda anga abwerera, mafuta aja ndiye amandithandiza." Ayi amayi. Amenewo si matenda anu akale. Ndi khungu lomwe lazolowera mankhwala likulira, ngati mmene amanjenjemerera munthu wa kachasu tsiku loyamba kusiya. Zimatenga milungu, kwa ena miyezi, koma zimadutsa. Wogulitsa sadzakuuzani zimenezi chifukwa kubwerera kwanuko ndiye malonda ake.

Pali mayi wina amene mpaka lero sachoka m'mutu mwanga. Anali wa zaka za m'ma 30, wa geni ya kaunjika, wolankhula mwanthabwala. Anayamba kudzola atatsala pang'ono kuchita chinkhoswe, chifukwa cha timawanga tomwe ziphuphu zinasiya pachipumi. Anti ena ake anamusakanizira mafuta m'kabotolo kopanda dzina, akuti "mikisi". Chinkhoswe chinadutsa, ukwati unadutsa, mikisi sinasiyidwe. Pamene ankafika kwa ine n'kuti patatha zaka 6, ndipo chomwe anadzera si nkhope ayi, koma kuyabwa m'mphechepeche komwe kunakana mankhwala onse a m'golosale. Zinali zipere, zitayala kuchokera m'chiuno mpaka m'maondo. Nkhope inali yozungulira ngati mwezi, kumbuyo kwa khosi kuli kalinunda, manja ndi miyendo zowonda. Titayeza, BP inali pamwamba, shuga nayenso pamwamba. Iye ankaganiza kuti wanenepa chifukwa geni ikuyenda.

Anthu sakhulupirira kuti chodzola chingafike m'magazi. Chimafika. Steroid wopakidwa thupi lonse kwa nthawi yaitali amalowa ndithu, ndipo thupi likaona kuti wadzadza, timatumba tiwiri tokhala pamwamba pa impso timaleka kupanga wake wachilengedwe. N'chifukwa chake munthu wotere sitimuuza kuti taya lero lomwe. Akasiya mwadzidzidzi akhoza kufooka, kuchita chizungulire, kusanza, BP kugwa mpaka kukomoka. Timatsitsa pang'onopang'ono, tikumuona.

Zonsezi ndinamufotokozera, koma ndinazifotokoza mokalipa. Tsiku limenelo mzere unali wautali, iye anali wachinayi wa vuto lomwelo, ndipo ndinayankhula ngati mphunzitsi wagwira mwana akubera mayeso. Za shuga ndinanena, za impso ndinanena. Koma sindinakhale naye pansi kumuuza bwinobwino kuti nkhope idzayaka moto milungu ikubwerayi ndipo asadzaope. Sindinafunsenso za kunyumba. Patatha milungu itatu anabwera atafunda chitenje kumutu, nkhope itada ndi kusupuka, n'kundiuza kuti bambo akunyumba afunsa kuti kodi wayamba kudwala chiyani, ndipo apongozi akunong'onezana. Chilowereni m'banja, bamboyo anali asanaonepo mtundu weniweni wa mkazi wake. Ndinamulimbikitsa, anavomera ndi mutu, sanabwerenso pa tsiku lomwe ndinalemba m'buku.

Anadzatulukira patatha chaka ndi miyezi. Anabwerera kwa anti aja, omwe anamuuza kuti achipatala za kukongola sazidziwa, n'kumupatsa mikisi ina "yamphamvu". M'masaya munali mutatuluka zigamba zakuda mobiriwira, zokhakhala ngati msasa. Koma si zimene anadzera. Kumbuyo anabereka khanda la miyezi 5, ndipo ankafuna ndione zilonda za m'thewera zomwe sizinkapola. Nditamasula, khungu la mwanayo linali lopyapyala, lonyezimira, masaya ali tutumu. Ndinafunsa chomwe ankamupaka. Anatulutsa kachubu m'chikwama. Anati kanamuthandiza iye pa zoyabwa, ndiye anaganiza kuti kathandizanso mwana, ndipo anapaka pafupifupi miyezi iwiri nthawi iliyonse yosintha thewera. Khungu la khanda limamwa mankhwala kuposa la wamkulu, ndipo thewera limatsekera ngati chivundikiro. Kumpingo anthu ankamuyamikira kuti mwana wanenepa bwino. Ndinawatumiza kwa madokotala a ana tsiku lomwelo. Ndimadzifunsabe kuti ndikanatsitsa mawu tsiku loyamba lija, kachubuko kakanafika pa mwanayo kodi?

Zigamba zakuda zija zimabwera ndi mankhwala ena, hydroquinone, omwe amapezeka m'maloshoni ambiri a karoti aja. Akadzoledwa zaka, makamaka munthu akuyenda padzuwa, amasiya utoto wakuda mkati mwa khungu, matenda otchedwa ochronosis. Si zachilendo: madokotala a ku South Africa analemba za vutoli mu 1975, ndipo dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Rwanda inayamba kuchotsa mafuta oterewa m'mashopu kumapeto kwa 2018. Ochronosis ikakhazikika ndi yovuta kwambiri kuchiza, ndipo ndikunena izi ngati munthu amene waona amayi akulira pampando uja. Choipa n'chakuti ikayamba, mwiniwake amaganiza kuti mafuta achepa mphamvu, ndiye amawonjezera. Mankhwala achitatu ndi mercury, wa m'sopo ndi m'makirimu ena. Ameneyu kawirikawiri salembedwa n'komwe pa chikutiro. Amawononga impso ndi mitsempha, amadutsa kupita kwa mwana ali m'mimba ndiponso mu mkaka wa m'mawere, amatsalira pa thaulo ndi pa pilo zomwe ana anu akugwiritsanso ntchito.

Ndiye pali akatswiri a pa WhatsApp ndi Facebook. Aliyense masiku ano ndi dokotala wa khungu, bola akhale ndi foni ya kamera yabwino ndi mabotolo opanda kanthu. Amalemba kuti "organic", "ya zitsamba zokhazokha", "yopanda kemiko". Ndikuuzeni mosapsatira: palibe karoti, papaya kapena manjano amene angasinthe mtundu wa munthu m'masiku 7. Chikakuyeretsani pa mlungu umodzi, muli steroid, hydroquinone kapena mercury, mwinanso zonse zitatu, zofinyiridwa m'beseni kuseri kwa saluni. Chikomekome cha mkuyu. Kabotolo kopanda dzina n'koipa kuposa kachubu, chifukwa mukadzabwera kwa ife sitidziwa chomwe tikulimbana nacho. Ena afika pobaya majakisoni ndi kuika madiripu a glutathione, mankhwala omwe amati amayeretsa khungu, m'nyumba. Munthu wosaphunzira za chipatala akulowetsa singano mu mtsempha wanu, mankhwala osadziwika kochokera, pofuna chinthu chomwe sichikhalitsa n'komwe. Mukayamba kubanika pampando pomwepo adzakupatsani chiyani? Dziko lino lili ndi bungwe la PMRA loyang'anira mankhwala, ndipo clobetasol malo ake ndi ku famase, ndi chikalata cha dokotala. Wokugulitsani pa benchi, m'basi kapena pa intaneti sakukuchitirani chifundo.

Nawonso a mandimu, soda ndi mankhwala otsukira mano ndisawasiye. Zimenezo zimawotcha, ndipo khungu lakuda likapsa limachira ndi banga lakuda kuposa loyamba. Mwangodzisandutsa kasitomala wa anti aja.

Timawanga tomwe munayambira nkhani yonseyi nthawi zambiri sitinkafuna zonsezi. Banga la chiphuphu limazilala lokha pa miyezi ingapo, nthawi zina mpaka chaka, ngati ziphuphuzo zathandizidwa ndipo mwaleka kuzifinya. Zigamba za m'masaya zobwera ndi pakati zambiri zimachepa mukachira. Zikakana, kapena zikabwera ndi mapilitsi olera, mankhwala alipo, ndipo nthawi zina ndi hydroquinone yemweyo, koma pa mlingo wake, pabanga pokha, kwa miyezi yowerengeka, wina akukuonani. Dzuwa ndiye limadetsa mawanga onsewa. Amene mumakhala pa msika wa Limbe kapena Ndirande tsiku lonse mu Okutobala, chipewa chachikulu kapena ambulera zikuthandizani kuposa loshoni aliyense, ndipo ngati thumba likulola, mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa.

Koma kuchedwa, amayi. Ambiri amafika kwa ine atazungulira kwa anti, kwa asing'anga amene anawatema mphini pa khungu lomwe silithanso kupola, kwa mneneri amene anati ndi mkazi mnzawo wawaponyera, ndipo amabwera chifukwa bala layamba kununkha. Ena amabisa ngakhale ku sikelo. Ngati muli ndi pakati ndipo mwakhala mukudzola, uzani anamwino lero, chifukwa mukadzafunika opaleshoni khungu lopyapyalalo limavuta kusoka ndipo bala limachedwa kupola, komanso dokotala wogonetsa ayenera kudziwa kuti thupi lanu lazolowera steroid. Mukaona nkhope yatupa, mapazi atupa, mkodzo ukuchita thovu, ludzu losatha, kapena maso ayamba kuchita chifunga, musadikire malipiro a mwezi. Steroid wopaka pafupi ndi maso amabweretsa ng'ala ndi kukwera kwa mphamvu ya madzi a m'diso, ndipo kuona kukatayika ndi vuto lachiwirili sikubwerera.

Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanuko, kaya ku Zingwangwa, Chilomoni, Bangwe kapena Ndirande, ndipo akaona kuti n'zofunika akutumizani ku chipatala chachikulu cha Gulupu, komwe kuli kiliniki ya matenda a khungu. Ngati mwadzola milungu yochepa, siyani basi. Ngati ndi miyezi yambiri kapena zaka, makamaka thupi lonse, musasiye nokha, bwerani tikutsitsireni. Pobwera tengani zonse m'jumbo: machubu, sopo, kabotolo kopanda dzina kaja, ngakhale kotha kale. Ndipo ngati pali mwana amene munamupakako, ngakhale kamodzi, mubwere naye.