Ng'ombe za ku Joni zinapita kuti?

Mphwanga atangofika kuno kuchokera ku Chikwawa, anandifunsa kuti msika wa ng'ombe uli kuti. Iye wakula akukusa ng'ombe m'chigwa cha Shire, ndiye zinamudabwitsa kuona mabutchala odzaza nyama mumzinda womwe sanamvemo kulira kwa ng'ombe n'kamodzi komwe.

Msikawo unalipo, ndipo unali pakati penipeni pa mzinda. Golide atapezeka mu 1886, kuno kunalibe njanji. Makina a m'migodi, matabwa, chimanga, zonse zinkabwera pa ngolo zokokedwa ndi ng'ombe, ngolo imodzi ng'ombe mpaka 16. Ngolozo zinkamasulidwa pa Market Square, pomwe lero pali laibulale yaikulu ndi City Hall. Mu 1896 ndi 1897 kunagwa mliri wa rinderpest womwe unapulula ng'ombe kummwera konse kwa Africa. Mabanja ambiri anasauka m'chaka chimodzi chokha, ndipo amuna omwe makola awo anatsala pululu anayamba kulowera kumigodi.

Malonda a ziweto ndi malo opherako anasamukira ku Newtown, kufupi ndi njanji, ndipo msika waukulu unatsegulidwa komweko mu 1913. Chaka chomwecho boma linakhazikitsa lamulo la malo lomwe linasiyira anthu akuda gawo la pafupifupi 7 peresenti ya dziko lonse, mu 1936 n'kulikweza kufika cha m'ma 13. Apa m'pamene pamandiwawa. Munthu mwamulanda msipu, kenako mukumuuza kuti ng'ombe zake zachuluka, zikuwononga nthaka, zichepetsedwe. Ku Witzieshoek, ku Free State, anthu anakana, ndipo mu 1950 magazi anakhetsedwa chifukwa cha nkhaniyi. Alimi achizungu pa nthawiyo anali ndi chitetezo cha lamulo la zamalonda la 1937 ndi bungwe la Meat Board, lomwe linkalamula kuchuluka kwa ng'ombe zolowa m'mizinda ikuluikulu. Agogo athu omwe anabwera pa Wenela ankadya nyama ya msika umenewu m'makomponi, koma maso awo anali pa ng'ombe zomwe adzagule akabwerera ku Mzimba kapena ku Ntcheu.

M'zaka za m'ma 1970 zonse zinapitanso kutali, ku City Deep. Nyumba ya msika wakale ku Newtown inasanduka nyumba ya zisudzo ya Market Theatre mu 1976. Lamulo latsopano la 1996 linathetsa mabodi aja, ndipo ng'ombe zinatulukiratu mumzinda.

Masiku ano nyama yambiri yomwe timadya kuno imachokera m'makola onenepetsera. Mlimi amagulitsa thole la miyezi isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu, nthawi zambiri pa okushoni, mtengo wake pa kilogalamu. Wogulayo amalidyetsa chimanga ndi zina kwa miyezi pafupifupi inayi, kenako kukapha. Khola lalikulu kwambiri la mtunduwu ndi la Karan Beef ku Heidelberg, kummwera kwa Joni. Ng'ombe zofiira zomwe mumaziona m'malole pa msewu wa N3 zambiri ndi za mtundu wa Bonsmara, womwe Jan Bonsma anaupanga pa famu ya kafukufuku ya Mara pophatikiza Afrikaner, Hereford ndi Shorthorn.

Chomwe chinamuvuta mphwanga kumvetsa ndi nkhani ya mano. Kwathu ng'ombe yaulemu ndi yaikulu, yokhwima, ya nyanga zake. Kuno mtengo umatsika ng'ombe ikamakula. Yomwe sinamere mano achikulire ndi giredi A, chidindo chake pa nyama n'chapepo. Ya dzino limodzi kapena awiri ndi AB, ya atatu mpaka asanu ndi limodzi ndi B, ndipo yoposa apo ndi C, chidindo chofiira, mtengo wotsika. Ndiye mlimi wa kumudzi ku Limpopo kapena ku Eastern Cape, yemwe amasunga ng'ombe ngati banki n'kuigulitsa pokhapokha mwana akafuna fizi, amafika pa okushoni ataluza kale. Ine ndimaona kuti muyesowu unapangidwira mafamu aakulu, ndipo sunasinthe kwenikweni ngakhale boma linasintha.

Komabe ng'ombe yokhwimayo ili ndi msika wake, ndipo ife tili momwemo. Pa maliro, pa ukwati, pa malowolo, palibe amafuna thole. Achimwene athu achisilamu a ku Mayfair ndi ku Fordsburg, nthawi ya kurubani (nsembe yopha chiweto pa Eid) ikayandikira, amasonkherana anthu asanu ndi awiri pa ng'ombe imodzi n'kupita kumapuloti a cha ku Lenasia kapena ku De Deur. Kumeneko amafuna dala ya zaka ziwiri kapena kuposa, ndipo nawonso amaitsegula kukamwa.

Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akuvutitsa malondawa kuyambira 2019, ndipo mu Ogasiti 2022 boma linaletsa kusamutsa ng'ombe dziko lonse kwa masiku 21. Choncho mukamagula yamoyo, onani chidindo cha mwini pachikopa ndipo mutenge mapepala ake, chifukwa apolisi akakuimitsani popanda mapepala amaiona ngati yakuba.

Mphwanga tsopano amagwira ntchito pa puloti ina cha ku Walkerville. Abwana ake anamukonda ataona kuti amadziwa msinkhu wa ng'ombe asanaitsegule kukamwa.