Kujambula pamanja galu wotoledwa pamsewu

Wojambula pamanja amayang'anitsitsa chimene akujambula, ndiyo ntchito yake. Koma kwa galu, kumuyang'ana m'maso nthawi yaitali ndi kumuputa, ndipo galu amene wakhala akugendedwa kumsika wa Zomba kapena kupirikitsidwa m'makwalala a ku Chinamwali amazimva zimenezi msanga kuposa wokulira pakhomo. N'chifukwa chake ambiri amene atola galu amadabwa kuti akangokhala pansi ndi pensulo, galuyo amanyamuka n'kukabisala kuseri kwa bafa. Chamuthawitsa ndi nkhope imene yamulunjika.

Khalani chammbali, phewa lanu ndilo liloze kwa iye, pa mtunda wa mamita atatu, pansi kapena pa kampando kafupi. Muzimuyang'ana mwakabisira, maso n'kubwerera papepala. Akayamba kuyasamula pamene sali ndi tulo, kunyambita mphuno, kutembenuza mutu n'kumakuonerani pakona ya diso choyera chikuonekera, kapena kupinda mchira pakati pa miyendo, dziwani kuti mwamupanikiza. Tsekani kabuku. Sabata yoyamba yonse mujambuleni ali m'tulo basi.

Pensulo isanagwire ntchito, pali za chiwewe. Galu wosadziwika kochokera angathe kuoneka bwinobwino pamene kachilombo kali kale m'thupi, poti matendawa amatha milungu kapena miyezi asanaonekere. Mumuike payekha kwa milungu iwiri, kutali ndi agalu ena ndi ana, ndipo avetenale amuone m'masiku oyambirira. Katemera wa chiwewe amabayidwa kuyambira galu ali ndi miyezi itatu. Bungwe la Mission Rabies, limene linayamba kutemera agalu ku Blantyre mu 2015, linafikanso ku Zomba ndi Chiradzulu, koma musadikire kuti otemera adutse kwanuko. Pitani ku ofesi ya za ziweto. Akakulumani kapena kukukandani mpaka magazi, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo, galuyo amangidwe n'kumaonedwa kwa masiku 10. Kagalu kakang'ono kamafunanso katemera wa matenda otsegula m'mimba mwa magazi, kuyambira milungu 6 mpaka 8 n'kumabwereza pakatha milungu itatu kapena inayi kufikira milungu 16, komanso mankhwala a njoka za m'mimba milungu iwiri iliyonse mpaka katakwanitsa milungu 12.

Chifundo chimaphanso. Galu woonda mpaka mafupa mukamupatsa mbale yodzaza nsima ndi zotsala za nyama tsiku loyamba, amasanza, amatsegula m'mimba, ndipo mchere wa m'magazi umasokonekera mpaka mtima kufooka. Yambani ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chimene galu wa msinkhu wake angadye pa tsiku, muligawe kanayi, n'kumaonjezera pang'onopang'ono kwa sabata yathunthu. Phala la mgaiwa lokha silimanga thupi. Sakanizanimo dzira lowiritsa, usipa kapena matemba osinja opanda mchere wambiri, ndi dzungu lophika. Anyezi, chokoleti ndi mafupa a nkhuku ophika asalawe.

Apa ndipo kabuku kojambulira kamayamba kugwira ntchito ziwiri. Kamodzi pa sabata, tsiku lomwelomwelo, jambulani galuyo ataima chammbali, kenaka mumujambule mukumuonera pamwamba, ndipo pakona ya pepala mulembe deti ndi kulemera kwake. Kumuyeza n'kosavuta: kwerani pa sikelo mutamunyamula, mukwerenso nokha, muchotsere. Munthu wokhala ndi galu tsiku ndi tsiku saona kusintha, maso amazolowera. Koma wojambula amakakamizika kuwerenga: nthiti zikuoneka zingati lero? Mafupa awiri a pachiuno akadatulukirabe? Galu ali ndi nthiti 13 mbali iliyonse. Mwa galu wachikuda wathanzi, wa ubweya waufupi, zimangooneka pang'ono zakumapeto, zinazo mumazimva ndi dzanja. Mukaona kuti pa masamba anayi otsatizana mukujambulabe nthiti zofanana pamene galuyo akudya bwino, vuto lili m'kati: njoka za m'mimba, kapena matenda obwera ndi nkhupakupa. Tukulani mlomo wake muone nkhama. Zikayera m'malo mofiirira, magazi achepa, ndipo si zodikira mawa.

Khungu nalo lijambulidwe mmene lilili. Ojambula ambiri amamuveka galu ubweya umene alibe poti zigamba sizikongola, koma zigambazo ndizo avetenale akufuna kudziwa. Mphere yoyabwa kwambiri imayambira m'mphepete mwa makutu, pazigongono, pazidendene ndi kumimba. Zilonda za kunsonga kwa makutu kokha nthawi zambiri zimakhala za ntchentche zoluma. Timatuza tokhala ndi kabowo pakati, makamaka nyengo ya mvula, ndi mphutsi zochokera ku mazira amene ntchentche imaikira pa dothi lonyowa ndi mkodzo kapena pa chiguduli chogonera. Mukapaka Vaseline pakabowopo mphutsiyo imasowa mpweya n'kutulukira, ndipo mumaifinya mosavuta. Zungulizani malo othothokawo ndi mzere wopepuka pa chithunzi chanu, sabata yotsatira muyerekeze. Za oilo wakuda wa galimoto amene ena amapaka agalu a mphere, zisiyeni: amaotcha khungu, ndipo galu amamunyambita. Panado ndi mankhwala ena a ululu a anthu asapatsidwe galu popanda avetenale.

Tsopano kajambulidwe kake. Cholakwika chofala kwambiri chili pa mwendo wakumbuyo. Anthu amati bondo la galu limapindikira kumbuyo, ndiye amajambula mwendo ngati wa mpando wothyoka. Chimene chimaloza kumbuyocho ndi chidendene. Galu amayenda ndi zala, phazi lake lonse lili m'mwamba, ndipo bondo lenileni lili kumtunda, pafupi ndi mimba, likuloza kutsogolo ngati lathu. Mukazigwira zimenezi, mwendo wakumbuyo umakhala mizere itatu yokhotakhota: kuchokera pachiuno kupita kutsogolo pa bondo, kubwerera kumbuyo pa chidendene, kutsika molunjika kufika pa zala. Mwendo wakutsogolo nawo suyambira pansi pa chifuwa ngati mwendo wa tebulo. Umayambira pamwamba pa msana, pa fupa la phewa lopendekera, ndipo chigongono chimagwera pafupifupi pomwe chifuwa chathera, chapakati pa kutalika kwa galu. Kumapazi akumbuyo zala ndi zinayi. Akutsogolo kuli kachala kachisanu kamene sikaponda pansi.

Musayambire pa diso. Woyambira pa diso amathera ndi mutu waukulu ndi thupi losowa malo. Yambani ndi mzere umodzi wa msana kuchokera pakhosi kufika kunsonga ya mchira, chifukwa mzere umenewu ndiwo umanena ngati galuyo ali ndi mantha, watopa kapena akusewera. Kenaka dzira lalikulu la chifuwa, kabwalo kakang'ono ka chiuno, ndi mimba yokwera pakati pake. Galu wachikuda ali ndi chifuwa chakuya koma chopapatiza, miyendo yaitali, mutu wosongoka, ndi mchira umene kawirikawiri umapindikira pamsana. Wojambula amene anaphunzirira pa zithunzi za agalu onenepa a pa intaneti amamufupikitsa miyendo osadziwa. Yezani ndi mutu wake womwe: tambasulani dzanja, muike pensulo mofanana ndi kutalika kwa mutu, muwerenge kuti mitu ingati ikukwana m'thupi. Maso amakhala chapakati pa nsonga ya mphuno ndi nkhongo, osati pamwamba pamphumi.

Galu wodzuka sakupatsani nthawi, choncho gwirani ntchito ya masekondi 30 mpaka mphindi ziwiri. Pa pepala limodzi yambani zithunzi zitatu kapena zinayi. Akasuntha, siyani chimenecho muyambe china. Agalu amabwereza kakhalidwe komweko, ndipo akabwerera mmene analili mumapitiriza pomwe munasiyira. Masana kukatentha, atadya, ndi pamene amagona nthawi yaitali. Ngati mukufuna chithunzi cha foni choti mudzaonerepo, gwadani foni ifanane ndi maso ake, chifukwa mukamutola chithunzi mutaimirira mutu umakula miyendo n'kufupika. Fulashi muzimitse: imamudzidzimutsa, ndipo kuseri kwa diso la galu kuli kachikopa kobweza kuwala kamene kamachititsa maso kutuluka obiriwira.

Ubweya sajambula umodziumodzi. Tsinzinani pang'ono mpaka galuyo aoneke ngati madera atatu, owala, apakati ndi akuda, mudetse maderawo, ndipo timizere ta ubweya muike pokhapokha pamene ubweya ukusintha kolowera: pakhosi, kuseri kwa ntchafu, pansi pa mchira. Galu wakuda ndiye amavuta. Mukamudetsa paliponse amasanduka chithunzithunzi chopanda thupi. Siyani mizere yowala pamsana, pamphumi ndi paphewa, ndipo m'diso musiye kadontho koyera ka pepala lenilenilo.

Zipangizo sizifuna ndalama zambiri. Pensulo ya HB ndi yoyalira mizere, 2B ya madera apakati, 6B ya mphuno ndi m'maso. Pepala wamba la A4, la magalamu 80 pa sikweya mita, ndi lokwanira pa zithunzi zachangu, koma likangonyowa limakwinyika. Pa utoto wamadzi pamafunika la magalamu 300, kapena locheperapo lomatidwa m'mbali monse pa thabwa mpaka liume. Mtundu wa agalu ambiri akuno, wofiirira ngati dothi la katondo losuluka, umatuluka posakaniza utoto wachikasu wa yellow ochre ndi wofiirira wa burnt sienna, ndipo mukathiramo wabuluu wa ultramarine pang'ono mumapeza mthunzi wabwino kuposa utoto wakuda wa m'bokosi. Tiyi wopanda mkaka wofulula kwambiri amapereka mtundu wofananako, kungoti amasuluka akakhala padzuwa.

Makala ophikira ndi olimba, amakanda pepala. Ojambulira mungapange nokha. Dulani timitengo ta mabulosi tonenepa ngati pensulo, masentimita 10 kutalika, musende makungwa, tiume. Tithithikizeni m'kachitini kokhala ndi chivundikiro, mubowole kabowo kamodzi ndi msomali, muike pa mbaula. Utsi ukasiya kutuluka pakabowopo, pakatha pafupifupi ola limodzi, chotsani, koma musatsegule mpaka chitazizira, apo ayi mpweya ukalowa timitengoto timayaka n'kusanduka phulusa. Chithunzi cha makala chimafufutika chikakhudzana ndi china, choncho ikani pepala loyera pakati.

Ku Zomba mdani wa pepala ndi chinyezi. M'munsi mwa phiri la Zomba, nyengo ya mvula komanso masiku a chiperoni, mapepala amafewa, utoto umachedwa kuuma, ndipo zithunzi zotsamira khoma zimachita nkhungu. Zisungeni zogoneka m'chikwama cha pulasitiki chotsekeka, pamwamba pa kabati, komwenso galu sangafike. Kagalu kamene kakusintha mano, pakati pa miyezi itatu ndi isanu ndi iwiri, kamatafuna pensulo, labala ndi timachubu ta utoto. Labala womezedwa angathe kutseka matumbo, ndipo utoto wina wofiira ndi wachikasu uli ndi cadmium, amene ndi poizoni. Madzi otsukira burashi musawaike pansi, galu amawayesa akumwa.

Masamba a sabata ndi sabata aja akachuluka amasanduka ntchito yooneka. Khumi ndi awiri osankhidwa bwino ndi kalendala. Ngati mukufuna kabuku ka ana, kumbukirani kuti pepala lopindidwa pakati limapereka masamba anayi, ndiye kabuku kazikhala ka masamba 8, 12 kapena 16. Pindani mapepala opanda kanthu kaye, mulembe manambala, muone tsamba liti likugwirizana ndi liti musanapite kosindikiza. Musanayambe nkhaniyo, jambulani galuyo pa pepala limodzi kutsogolo, chammbali ndi kumbuyo, ndi zizindikiro zake zonse, khutu logwa, banga loyera pachifuwa, kuti asamasinthe nkhope tsamba lililonse. Siyani sentimita imodzi m'mphepete poti makina amadula. Posikana pemphani 300 dpi, muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi. Mukatola ndi foni, chitani pakhonde m'mawa, pamthunzi, foni italunjika pepala, ndipo fayiloyo muitumize pa WhatsApp ngati dokumenti kuti isaphwanyike.

Ngati cholinga n'kumupezera galuyo pakhomo pena, ikani chithunzi cha sabata yoyamba pambali pa cha lero, ndipo pansi pake mulembe zimene womutenga ayenera kudziwa: deti la katemera wa chiwewe, tsiku limene anamwa mankhwala a njoka, kulemera kwake, ngati anafulidwa kapena kutsekedwa kubereka, ndi zimene akuopabe, kaya ndi munthu wonyamula ndodo, kaya ndi kulira kwa njinga yamoto.