Fomu ikangoti "Zikomo", musakhutire

Ndimakonza mafomu a pa intaneti, ndipo cholakwa chomwe ndinachedwa kuchizindikira ndi changa chomwe. Ndinapangira gulu lina la alimi a mbatata ya kachewere ku Lizulu fomu yolembetsera pa foni. Munthu akadina batani lotumiza, ankangoona mawu akuti "Zikomo, talandira." Basi.

Patapita milungu, mayi wina wa ku Tsangano anasowa pa mndandanda wa alimi a Ntcheu. Tinawapeza ku Ntchisi. Maboma 28 a dziko lino akandandalikidwa motsatira alifabeti, Ntcheu ndi Ntchisi amagundana, monganso Dedza ndi Dowa. Pa kagalasi kakang'ono ka foni, pena kosweka kale, chala chikatsetsereka pang'ono mwasamuka boma osadziwa.

A Airtel Money ndi Mpamba anaziona kale izi: musanatsimikize kutumiza ndalama, amayamba akuonetsani kumene zikupita. Fomu nayo izibwereza zomwe mwasankha, ngati wogulitsa kabichi amene amafunsa kuti, "Mwati matumba awiri eti?"

Koma pali kubwereza kwabodza. Tsamba lina limangoonetsa zomwe zatsalira mu foni mwanu, pamene netiweki inaduka panjira ndipo palibe chafika. Choyenera kuoneka ndi chomwe chasungidwadi mu seva, kompyuta yolandira mafomu ija. Chioneke m'mawu a anthu. Mkati mwake kompyuta imatha kusunga boma ngati nambala chabe, ndiye wokonza waulesi amakuonetsani "Boma: 6". Agogo a kwa Kachindamoto ku Dedza adziwa bwanji kuti 6 ndi kwawo?

Sikuti zonse n'zoonetsa ayi. Pasiwedi isabwerezedwe ngakhale pang'ono, ndipo nambala ya chiphaso cha unzika ioneke kumapeto kokha, poti ambiri amalembetsa pa foni yobwereka kapena pa kompyuta ya mu kafe pa boma, wotsatira ali chilili kumbuyo kwawo.

Inu mukatumiza fomu, werengani tsambalo musanatseke, mulijambule pa foni pamodzi ndi nambala ya umboni ngati yaperekedwa. Likachedwa kutseguka musadine batani kawiri, mafomu ena amakulembani kawiri. Ya ku Lizulu ija ndinaiwonjezera kabatani kakuti "Konzani" pafupi ndi dzina la boma, ndipo dzinalo ndinalikulitsa zilembo.