Musanakhome matabwa m'vani, funsani za mawaya ndi gasi

Pa zaka zimene ndakhala ndikukonza magetsi a galimoto kuno ku England, funso limene anzathu ochokera kumudzi akundifunsa kawirikawiri masiku ano ndi lakuti kodi angagule vani ya Ford Transit kapena Mercedes Sprinter, n'kuikamo bedi ndi kabati, kuti asiye kulipira lendi. Ndimamvetsa chimene chikuwakankha, chifukwa lendi ikumeza malipiro a anthu ambiri, makamaka osamalira okalamba. Koma chimene chanditopetsa n'chakuti pafupifupi onse amabwera kwa ine matabwa atakhomedwa kale, mawaya atabisika kuseri kwake, ndipo amafuna kuti ndingosuzumira n'kunena kuti zonse zili bwino.

Mnyamata wina, amene nkhani yake imandisowetsabe mtendere, anabwera m'nyengo yozizira akudandaula kuti magetsi a m'vani yake akuthimathima. Nditamasula thabwa la pansi pa bedi, ndinapeza waya wochokera ku batire kupita ku inverter (chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba) utasungunuka chikopa chake, thabwalo litada ngati lawauka pamoto, ndipo panalibe fyuzi ngakhale imodzi. Amene anamulumikizira ndi munthu wodzitcha katswiri yemwe anamupeza pa Facebook, ndipo anagwiritsa ntchito waya wopyapyala wa m'nyumba. Anthu oterewa sadziwa kuti chipangizo cha ma watt 1,000 chimakoka ma amp oposa 4 pang'ono pa magetsi a m'nyumba a 230 volts, pamene pa batire ya 12 volts chimakoka ma amp oposa 80. Mphamvu yotere imafuna waya wonenepa ndi fyuzi yoikidwa pafupi kwambiri ndi batire, apo ayi wayawo umatentha mpaka kuyatsa matabwa amene munthu wagonapo.

Chimene chinandiopsa kwambiri ndinachimva tikucheza, pamene ananena mongodutsa kuti amadzuka mutu ukuwawa ndiponso akumva nseru, ndipo ankaganiza kuti ndi kutopa kwa ntchito ya usiku. Nditafunsitsa, anaulula kuti amayatsa chitofu cha gasi kuti afunde, atamata mipata yonse yolowera mphepo. Ndinamuuza kuti, “Achimwene, kodi kumudzi munaonapo munthu wanzeru akugona ndi mbaula m'chipinda chotseka?” Mpweya wa carbon monoxide umene umapha anthu ogona ndi makala ndi womwewo umene umatuluka gasi akamayaka mopanda mpweya wokwanira, ndipo suoneka komanso sununkha. M'kachipinda kakang'ono ngati vani umadzaza msanga. Aliyense wogona m'galimoto ayenera kukhala ndi alamu ya mpweya umenewu, mapaipi a gasi aonedwe ndi mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe Register (kaundula wa amisiri a gasi ovomerezeka) amene ali ndi chilolezo cha gasi wa m'mabotolo, ndipo hita ya dizilo itulutse utsi wake kunja kudzera mu paipi yosadontha. Mukadzuka ndi mutu ndi chizungulire, tulukani nthawi yomweyo ndipo imbani 111 (nambala ya thandizo la zaumoyo), kapena 999 ngati wina wakomoka. Musadikire kuti muone ngati mawa mudzuka bwino.

Nkhani ya kulemera nayonso anthu amainyalanyaza. Laisensi wamba ya munthu amene anakhoza mayeso kuyambira pa 1 January 1997 imalola galimoto ya dizilo kapena petulo yosapitirira makilogalamu 3,500, ndipo matabwa, mabatire, botolo la gasi, katundu ndi madzi, amene lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, zimafikitsa vani pa malire amenewa mofulumira kuposa mmene eni ake amaganizira. Pitani nayo pa sikelo yoyezera magalimoto mutaipakira zonse. Kampani ya inshuwalansi iyeneranso kuuzidwa kuti galimotoyo yasinthidwa ndiponso kuti mukukhalamo, chifukwa mukabisa, tsiku la ngozi ikhoza kukana kulipira.

Kenaka pali funso lakuti mudzaimika pati. Lamulo la 2022 la ku England ndi Wales linapatsa apolisi mphamvu zambiri pa anthu okhala m'galimoto pa malo a eni popanda chilolezo, mpaka kulanda galimotoyo pa milandu ina. Mumzinda wonse wa London, kuyambira mu August 2023, vani yakale ya dizilo yosafika pa muyezo wa utsi wotchedwa Euro 6 imalipira mapaundi 12.50 tsiku lililonse limene yayenda, ndipo mavani otchipa amene anzathu amathamangira ndi akale omwewo. DVLA (bungwe la boma loona za malaisensi ndi kalembera wa magalimoto), banki ndi inshuwalansi zidzafunabe adiresi yolandirira makalata.

Mnyamata uja ndinamupempha kuti asagonenso m'vaniyo usiku umenewo, ndipo anakagona kwa mnzake wa kutchalitchi. Tinachotsa matabwa onse a mbali imodzi kuti tisinthe mawaya, ndipo kuseri kwake tinapeza chitsulo chitanyowa ndi chinyezi cha mpweya wa munthu ndi wa chitofu, dzimbiri litayamba kale m'makona. Ntchito imene ikanatenga masiku awiri vani ili yopanda kanthu inatitengera milungu iwiri, ndipo analipira matabwa kachiwiri.