Musamayeze BP mutagona chammbali

Ambiri masiku ano tili ndi timakina toyezera BP kunyumba, zabwino ndithu, koma chikundidetsa nkhawa nchoti ena amayeza ali chigonere pabedi atagonera mbali imodzi, nambala ikatuluka yotsika nkumati zili bwino. Nambala imeneyo itha kukunamizani.

Yesani izi pompano. Tsitsani dzanja pansi kwa kanthawi, muona mitsempha ya kuseri kwa dzanja ikufufuma, kenako likwezeni kupitirira phewa, iphwa yonse. Magazi amalemera, ndiye mkono ukakhala pamwamba pa mtima BP ya mu mkonomo imatsika, ukakhala mmunsi imakwera. Masentimita 10 okha amasintha nambala ndi 7 kapena 8. Mukagonera kumanzere mkono wamanja umakhala mmwamba, mukayeza pa mkono umenewo makina atha kuonetsa 132 pomwe BP yanu yeniyeni ili 140.

Izi nzoopsa makamaka kwa amayi oyembekezera, paja iwowa amauzidwa kuti azigona chammbali mimba ikakula, ndipo nzoona azigonadi choncho, koma poyeza adzuke. BP ikafika 140/90 kwa mayi wapakati ndi nkhani yakuchipatala tsiku lomwelo, ndiye tangoganizani kuibisa chifukwa cha kagonedwe chabe.

Poyeza khalani pampando, tsamirani msana, mapazi onse pansi, pumani mphindi 5 osayankhula. Mkono utsamire patebulo, lamba wa makinawo akhale pa mulingo umodzi ndi mtima.

Nanga mkono wapansiwo, umene timaugonera mpaka kudzuka uli dzanzi ngati si wathu? Nthawi zambiri kumakhala kuti minyewa yotumiza mauthenga ku ubongo yapanikizika, osati kuti magazi asiyiratu kuyenda ayi. Tembenukani, tambasulani zala, pakangopita mphindi zochepa kumva kumabwerera ndi kakubayabaya kaja. Mukafuna kutsimikiza kuti magazi akufika, dinikizani chikhadabo kwa masekondi 5 mpaka chiyere, mukasiya chifiirenso pasanathe masekondi 2.

Koma dzanzi likakana kutha, kapena dzanja likungolendewera osatha kulidzutsa, monga zimachitikira munthu akaledzera nkugonera mkono usiku onse osatembenuka, pitani kuchipatala. Mkono ukazizira nkutuwa ndi ululu waukulu musadikire kuti kuche. Ndipo ngati wafooka limodzi ndi mwendo wa mbali yomweyo, pakamwa papindika, mawu sakumveka bwino, musanene kuti ndinaugonera, imeneyo itha kukhala sitiroko, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo.