Mankhwala ndi omwewo, koma amasungunuka mosiyana

Chigoba cha dzira ndi chigoba cha nkhono zonse ndi calcium carbonate. Zimasiyana pa mmene tizidutswa take tasanjikirana: cha dzira ndi calcite, cha nkhono mbali yaikulu ndi aragonite. Njerwa ndi zomwezo, koma amisiri awiri azisanja mosiyana. Ife a ku famase timatcha zimenezi polymorphism, ndipo zimakhudza mapilitsi amene anthu amalandira pa Mzuzu Central Hospital.

Popanga mankhwala, ufa wake amausungunula m'madzi kapena mu sipiriti, kenako amauziziritsa kuti makristalo, timibulu tolimba ta mankhwalawo, aumbike. Mu 1897 katswiri wa sayansi Wilhelm Ostwald anaona kuti kawirikawiri oyamba kuumbika sakhala okhazikika. Amangokhala ofulumira kupangika, ndipo amasungunukanso mosavuta. Pakangobadwa kristalo limodzi la mtundu wokhazikika, limayamba kukoka mamolekyu, tizidutswa ting'onoting'ono ta mankhwalawo, m'madzimo n'kumakula. Madzi akachepekedwa mamolekyu, makristalo oyamba aja amasungunuka, ndipo zimene atulutsazo zimakakulitsanso atsopanowo. Izi zimapitirira mpaka oyambawo atheratu. Kutentha, kutakasa ndi mtundu wa madzi osungunulira ndiye zimene zimafulumizitsa kapena kuchedwetsa kusinthaku.

Nkhani ya ritonavir ndiyo imandikhudza kwambiri, poti mankhwalawa ali m'ma ARV ena amene abale athu akumwa. Kampani ya Abbott inayamba kuwagulitsa mu 1996, pa nthawi imene mtundu umodzi wokha wa makristalo ake ndiwo unkadziwika. Mu 1998 kunatulukira mtundu wachiwiri, wooneka ngati tisingano, wokhazikika koma wovuta kusungunuka. Mankhwala osasungunuka m'mimba salowa bwino m'magazi, choncho makapusozi a ritonavir anachotsedwa pa msika. Chovuta china chinali chakuti tinjere ta mtundu watsopanowo tikangofika m'fakitale, kupanga mtundu wakale kunkakanika.

Makapusozi atsopano anabwera mu 1999, koma ankafuna firiji. Mu 2005 kunavomerezedwa mapilitsi ophatikiza ritonavir ndi ARV wina wotchedwa lopinavir, amene mankhwala ake amamwazidwa mu polima (chinthu chonga pulasitiki chosungunuka m'madzi) kuti asaumbe makristalo, ndipo safuna firiji. Koma chinyezi chimatha kuwawononga, ndipo ndi chifunga cha kuno ku Mzuzu, musamawachotse m'botolo lake n'kuwakulunga m'kapepala.